Abusa, kodi kupempha chifundo ndi pemphero la anthu ofooka?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chawama, dzina anapempha kuti tisalembe. Ndalifupikitsa pang'ono:

"Abusa, ine ndinakulira ku Katete mu mpingo wa RCZ (Reformed Church in Zambia), agogo anatiphunzitsa kugwada ndi kunena kuti Ambuye mutichitire chifundo. Pano ndimagulitsa salaula ku msika wa Soweto, amuna anga ntchito inatha, lendi tili ndi ngongole ya miyezi itatu. Mnzanga ananditengera ku ovanaiti ina, kumeneko apulofeti akuti kupempha chifundo ndi pemphero la akapolo, mwana wa Mfumu sapempha amalamula, akuti ndibzale mbewu ya K500 kenako ndilamule kumwamba kutseguke. China chimene chikundidya, ndinalandira chilimba cha azimayi anzanga kenako ndinasiya kusonkha, pano ndimawathawa. Ndalapa kambirimbiri koma mtima sukhala pansi. Kodi sindiyankhidwa chifukwa ndimapemphera mofooka, kapena Mulungu anandikwiyira?"

Mayi, pepani ndi zonse mukudutsamozi, lendi ya miyezi itatu mu Lusaka muno si nkhani yaing'ono, munthu ukamva kugogoda pachitseko m'mawa mtima umangoti phwii kuganiza kuti ndi alandilodi. Ndiyambe ndi yankho lalifupi kuti ngati mabandulo angakuthereni pakati mukhale mutamva chofunika. Agogo anu sanakunamizeni. Pemphero limene anakuphunzitsani lija ndi limene Yesu mwini wake analiyamikira pamaso pa anthu, ndipo K500 ija musapereke, ili ndi kwina koyenera kupita, ndifikako.

Tsegulani Luka 18, kuyambira vesi 9 mpaka 14. Luka akuyamba ndi kutiuza anthu amene fanizoli linawalunjika, akuti ndi amene ankadzikhulupirira okha kuti ndi olungama, n'kumanyoza anzawo. Anthu awiri akwera ku Kachisi kukapemphera, Mfarisi ndi wamsonkho. Chimene ambiri timachiphonya tikamawerenga ndi chakuti Mfarisi uja sananame ayi. Anati si wolanda, si wachigololo, amasala kudya kawiri pa sabata, amapereka chakhumi pa zonse amapeza, ndipo Yesu sananene kuti zimenezo zinali zabodza. Chilamulo cha Mose chinkafuna kusala kwa tsiku limodzi pa chaka, Tsiku la Chitetezo lija la pa Levitiko 16, iye ankasala kawiri pa sabata, ndiye mukuona kuti munthuyu anapitirira ngakhale pamene Chilamulo chinalekezera. Akanakhala mu mpingo wathu lero bwenzi tikumusankha kukhala mkulu wa mpingo, mwinanso msungichuma, ndipo palibe akanadandaula. Wamsonkho uja anali munthu wodedwa ndipo panali zifukwa, amisonkho ankatolera ndalama za boma la atsamunda achiroma n'kumawonjezerapo zawo pamwamba, n'chifukwa chake pa Luka 3:13 Yohane Mbatizi anawauza kuti asamatolere zopitirira zimene analamulidwa. Munthu ameneyu anaima patali, maso kumwamba osakweza, akudziguguda pachifuwa, mawu ake ndi awa basi: Mulungu, mundichitire chifundo, ine wochimwa. Yesu akuti amene anatsikira kwawo atayesedwa wolungama ndi ameneyu, winayo ayi.

Manje bwererani pa pemphero la Mfarisi muliwerengenso bwinobwino, muona kuti mulibe pempho ngakhale limodzi. Anangobwera kudzawerengera Mulungu zimene wachita. Ndipo apa ndi pamene ine ndimaona kuti chiphunzitso cha mbewu ndi kulamula chimene mwamvacho ndi chachibale ndi Mfarisi, ngakhale chavala suti yatsopano ndi maikolofoni. Chimamusandutsa Mulungu kukhala ngati mita ya malaiti, ugule mayunitsi, ulowetse manambala, magetsi ayake, ndiye akapanda kuyaka ndiye kuti walakwitsa nambala kapena wagula ochepa, bwerera ukagule ena. Kusala kudya, chakhumi, ovanaiti, kukwera phiri, zonsezi ndi zabwino pa malo ake, koma zikangosanduka mtengo wogulira yankho ndiye kuti munthu wayamba kumuona Mulungu ngati ali naye ngongole. Paulo pa Aroma 11:35 anafunsa kuti ndani anayamba wamupatsa kanthu Mulungu kuti amubwezere, yankho lake mukulidziwa.

Ndichenjezenso ife a mipingo yakale, chifukwa msampha wake ndi womwewo. N'zotheka kuwerenga fanizoli n'kugwada mwaulemu wonse n'kumati mumtima, ndikuyamikani Ambuye kuti ine sindili ngati aja okuwa ku ovanaiti. Pamenepo wakhala kale Mfarisi, mawondo okha ndi amene agwada. Anyani sasekana zikundu.

Tibwere pa mavesi amene amagwiritsidwa ntchito pophunzitsa kulamula, chifukwa apulofeti aja sanangozitola m'mutu, ali ndi pamene amawerenga. Lotchuka kwambiri ndi Yobu 22:28, lonena kuti ukatsimikiza chinthu chidzakhazikika kwa iwe. Funsani kaye kuti akulankhula ndani. Pitani pa vesi 1 ya chaputala chomwecho, mupeza kuti ndi Elifazi wa ku Temani, mmodzi wa abwenzi atatu a Yobu aja, ndipo mu chaputala chimenecho akumunamizira Yobu kuti anamana madzi otopa ndi kubweza akazi amasiye chimanjamanja, zinthu zimene Yobu sanachite. Kenako pitani pa Yobu 42:7, Mulungu akumuuza Elifazi yemweyo kuti mkwiyo wanga wakuyakira iwe ndi anzako awiri chifukwa simunanene zoona za ine. Ndiye tikumanga chiphunzitso chonse cha pemphero pa mawu a munthu amene Mulungu anamudzudzula, mpaka anafunika Yobu amupempherere. Lina ndi Yesaya 45:11 limene ena amati Mulungu akutiuza kuti timulamule pa ntchito za manja ake, koma werengani vesi 9 ndi 10 pamwamba pake, ndi tsoka kwa dongo limene likukangana ndi woliumba, ndime yonseyo ikudzudzula anthu ofuna kumuuza Mulungu zochita.

Sindikukana kuti m'Baibulo muli kulamula. Yesu analamula namondwe, analamula ziwanda, Petro pa Machitidwe 3 anauza wopunduka uja pa chipata Chokongola kuti m'dzina la Yesu Khristu Mnazarayo yenda. Koma onani amene akulamulidwa, ndi mphepo, ziwanda, matenda. Petro yemweyo atatulutsidwa m'manja mwa akuluakulu, pa chaputala 4, mpingo unasonkhana n'kupemphera, anayamba ndi kumutchula Mulungu kuti ndiye wolenga kumwamba ndi dziko ndi nyanja, anadzitchula okha akapolo ake, n'kupempha kuti awapatse kulankhula mawu molimba mtima. Akapolo, mawu omwe aja apulofeti akuti ndi onyozeka. Ndipo atatha kupemphera malo amene anasonkhanawo anagwedezeka.

Za kukweza mawu ndisakunamizeni, si tchimo. Ife a Reformed nthawi zina timachita ngati Mulungu amadana ndi phokoso, pamene Masalimo adzaza ndi kufuula. Bartimeyo, wakhungu wopemphapempha wa pa msewu wa ku Yeriko pa Marko 10, anakuwa mpaka anthu anamukalipira kuti akhale chete, iye ndiye anawonjezera voliyumu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, analibe nthawi yosamala kuti anthu aziti bwanji. Koma mverani zimene ankakuwa: Yesu, Mwana wa Davide, mundichitire chifundo. Pemphero la agogo anu lomwe lija, lokuwa ndi mphamvu zonse, ndipo Yesu anaima, anamuitanitsa, pomaliza anamuuza kuti chikhulupiriro chako chakupulumutsa. Ndiye amene akuti kupempha chifundo ndi kusowa chikhulupiriro akutsutsana ndi Yesu, chifukwa Yesu anamva pempho la chifundo n'kulitcha chikhulupiriro. Chimodzimodzi mayi wa ku Kanani pa Mateyu 15, anabwera akufuula chifundo chifukwa cha mwana wake wamkazi, anavomera ngakhale nyenyeswa zakugwa pa gome, Yesu anati mayi, chikhulupiriro chako ndi chachikulu. Mbali inayi kuli Hana pa 1 Samueli 1, milomo yokha ikugwedera mawu osamveka mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera, anayankhidwa, Samueli anabadwa. Ndipo pa phiri la Karimeli aneneri a Baala 450 anakuwa kuyambira m'mawa mpaka masana kupitirira, akuvina, akudzitema ndi mipeni, kunali zii. Eliya pemphero lake ndi mavesi awiri chabe, 1 Mafumu 18:36 ndi 37, moto unatsika. Ndiye voliyumu siyankha funso lanu, wokuwa wina anamvedwa wina sanamvedwe, wachete anamvedwa.

Chimene chikusiyanitsa ndi pamene munthu waponda. Danieli anazinena bwino pa chaputala 9 vesi 18, akuti sitikubweretsa mapembedzero athu pamaso panu chifukwa cha chilungamo chathu koma chifukwa cha zifundo zanu zazikulu. Ameneyo ndi Danieli wa m'dzenje la mikango, munthu amene adani ake anafufuza cholakwa n'kuchisowa, koma popemphera akuti tachimwa, osati achimwa. Ine ndimati pemphero lopempha chifundo ndi lolimba kuposa lolamula, chifukwa lolamula limadalira mphamvu ya chikhulupiriro chako tsiku limenelo, ndipo mayi inu mukudziwa kuti pali masiku ena mumachoka ku Soweto simunagulitse ngakhale kabudula mmodzi, mwalipira basi kupita ndi kubwera, mwafika kunyumba malasha kulibe, tsiku limenelo mphamvu yolamula muitenga kuti? Koma chifundo cha Mulungu sichidalira mmene mwadzukira. Maliro 3:22 ndi 23, buku lolembedwa Yerusalemu ali bwinja, likuti zifundo zake sizitha, zimaoneka zatsopano m'mawa uliwonse.

Apulofeti aja pali pamene akhoza, ndiwapatse zawo. Ndinu mwana, si bodza, Agalatiya 4 akunenadi kuti simulinso kapolo koma mwana. Aheberi 4:16 akuti tiyandikire mpando wachifumu wachisomo molimba mtima. Koma malizani vesilo, tiyandikire molimba mtima kuti tilandire chiyani? Chifundo, ndi kupeza chisomo chotithandiza pa nthawi yakusowa. Kulimba mtima ndi kupempha chifundo zili mu vesi limodzi, sizilimbana. Ndipo kwathu kuno ndi mwana uti wolera bwino amene amalowa m'nyumba n'kuwauza atate ake kuti ndikukulamulani? Mwana weniweni wa Mfumu tili naye mmodzi, ndipo tikudziwa mmene anapempherera usiku wake woopsa ku Getsemane, Marko 14:36, anagwa pansi, anati Abba, Atate, zonse ndi zotheka kwa Inu, mundichotsere chikho ichi, koma si chimene ndifuna ine, chimene mufuna Inu. Anapempha momveka, sanabise chimene amafuna, kenako anasiya m'manja mwa Atate. Aheberi 5:7 akuti anapemphera ndi kulira kwakukulu ndi misozi ndipo anamvedwa chifukwa cha kuopa Mulungu kwake. Chikho sichinachotsedwe, komabe Malemba akuti anamvedwa, yankho linabwera tsiku lachitatu. Paulo nayenso anapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi mwake, pa 2 Akorinto 12, anauzidwa kuti chisomo changa chikukwanira. Kodi Paulo anasowa mbewu yobzala?

Izi ndikunena kuti musamve ngati ndikukupatsani fomyula ina m'malo mwa ya apulofeti, yoti mukagwada n'kulira ndiye lendi ilipiridwa Lachisanu. Kudzichepetsa nakonso munthu angakusandutse ndalama yogulira Mulungu. Sindingakulonjezeni tsiku limene amuna anu apeze ntchito. Anthu oopa Mulungu ambiri mu Kanyama, Mandevu, Chawama momwemo ali ndi ngongole ya lendi, ndipo ena osapemphera n'komwe akumanga mafulati, wolemba Salimo 73 anaziona zimenezi mpaka anatsala pang'ono kuterereka. Ntchito kutha si umboni woti Mulungu wakukwiyirani. Pempherani za lendiyo molunjika, tchulani ndalama zake, chakudya chathu chalero chili mu pemphero limene Ambuye anatiphunzitsa, ndiye si zinthu zochititsa manyazi kuzipempha.

Poti munakulira mu RCZ, mpingo umene unayambira pa Magwero kufupi ndi Chipata mu 1899, mwina m'kalasi munamvako za Katekisma wa Heidelberg wa chaka cha 1563. Funso 117 limafunsa za pemphero limene Mulungu amakondwera nalo, ndipo yankho lili ndi mbali zitatu, kuitana Mulungu woona yekha kuchokera mumtima, kudziwa bwino kusowa kwathu ndi tsoka lathu kuti tidzichepetse pamaso pake, ndi kukhazikika pa maziko olimba akuti ngakhale sitiyenera adzamva ndithu pemphero lathu chifukwa cha Khristu. Mbali yachiwiri muli nayo kale mayi, mwina mopitirira. Imene yakuthawani ndi yachitatu. Ndipo si a Reformed okha, abale athu a Katolika Misa iliyonse, kaya ku Cathedral of the Child Jesus kaya ku tchalitchi chaching'ono cha mu komboni, chakumayambiriro amaimba Ambuye mutichitire chifundo, a Anglican chimodzimodzi, a Orthodox amabwereza pemphero la wamsonkho lija tsiku lonse. Akhristu akhala akupemphera choncho zaka mazanamazana, chiphunzitso chonyoza pemphero limeneli ndi chadzulodzuloli.

Tsopano pa nkhani imene ndikuona kuti ndiyo yeniyeni mu kalata yanu, ya chilimba.

Mwati mwalapa kambirimbiri koma mtima sukhala pansi. Pali zinthu ziwiri zimene zingachititse zimenezi ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Choyamba ndi kusakhulupirira kuti Mulungu amakhululukadi. Pali kudzichepetsa kwina kumene si kudzichepetsa, munthu kumangodzitukwana, ndine wachabechabe, ine sindingakhululukidwe, tchimo lomwelo kulilapa chaka chonse ngati Mulungu ndi wogontha. Kumaoneka kwauzimu koma pansi pake pali kunyada, chifukwa munthuyo akunena kuti tchimo langa ndi lalikulu kuposa mtanda. Yudasi ndi Petro onse anachimwa usiku umodzi, onse anamva chisoni, Yudasi mpaka anabweza ndalama zasiliva 30 zija n'kuvomera kuti wapereka mwazi wosalakwa, koma anapita nacho chisoni chake kwa ansembe amene anamuyankha kuti zimenezo ndi zako, kenako anapita nacho kwa yekha. Petro analira kwambiri koma sanachoke pakati pa abale, ndipo Yesu atauka anamupeza. 1 Yohane 1:9 akuti tikavomereza machimo athu Iye ndi wokhulupirika ndi wolungama kutikhululukira. Manase, mfumu imene inalamulira zaka 55 ku Yerusalemu, inaika fano m'Kachisi, inawotcha ana ake, atamugwira Asuri n'kumutengera ku Babulo anadzichepetsa kwambiri ndipo Mulungu anamumvera, zili pa 2 Mbiri 33. Ngati Manase anamvedwa, chilimba chanu sichingatseke kumwamba.

Chachiwiri, ndipo ndikuganiza kuti ndi chanu, mtima sukhala pansi chifukwa kulapa kwanu kwafika kwa Mulungu koma sikunafike kwa azimayi aja. Chikumbumtima chikugwira ntchito yake, musachithire madzi odzozedwa. Chilimba mukuchidziwa mmene chimayendera, amene walandira koyambirira wadya thukuta la amene ali kumapeto kwa mndandanda, ndiye pali mayi wina amene anasonkha mokhulupirika akuyembekezera kuti mwezi wake akaode belo kapena alipire fizi ya mwana, mwezi unafika ndalama zinapelewera. Mayi ameneyo nayenso amapemphera. Mwina usiku womwe inu munali ku ovanaiti iye anali chogwada kupempha Mulungu kuti ndalama zake zibwere. Yesu pa Mateyu 5:23 ndi 24 anati ukabwera ndi mtulo wako paguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, usiye mtulowo pomwepo, upite ukayanjane naye kaye, kenako ubwere udzapereke. Onani dongosolo lake, mbale poyamba, chopereka pambuyo. Aliyense amene akukuuzani kuti mubweretse K500 kwa iye pamene muli ndi ngongole kwa amayi anzanu watembenuza mawu a Yesu chadodolido. Luka atangotha kutiuza za wamsonkho wa m'fanizo, chaputala chotsatira akutionetsa wamsonkho weniweni, Zakeyu, mkulu wa amisonkho ku Yeriko, amene atalandira Yesu m'nyumba anaimirira n'kunena kuti theka la chuma chake apereka kwa osauka ndipo amene anawalanda awabwezera kanayi. Ndi pamene Yesu anati lero chipulumutso chafika m'nyumba muno. Zakeyu sanagule chifundo ndi kubwezako, Yesu anali atalowa kale m'nyumba, koma chifundo chitalowa chinafika mpaka m'thumba.

Ndipo kudzichepetsa kovuta ndi kumeneku. Kugwada m'chipinda chitseko chotseka n'kosavuta, palibe akukuonani. Kupita kwa mayi amene mwakhala mukumuzemba pa msika, kusintha njira mukamuona, kuzimitsa foni akaimba, n'kukamuuza kuti ndinalakwa, osayamba ndi kufotokoza za ntchito ya abambo, ndi kumene kumawawa. Davide atatenga Bateseba mkazi wa mwini n'kuphetsa mwamuna wake ku nkhondo, atauzidwa ndi mneneri Natani kuti munthu wolakwayo ndinu, anangoti ndachimwira Yehova, sanatchule kuti Bateseba ankasamba poonekera, sanatchule za nkhondo. Natani anamuuza pomwepo kuti tchimo lake lachotsedwa, koma zotsatira zinatsala, mwana anadwala, Davide anasala kudya n'kugona pansi, tsiku lachisanu ndi chiwiri mwana anamwalira. Atamufunsa anyamata ake anati ndimati ndani akudziwa, mwina Yehova andichitira chifundo mwana akhale ndi moyo. Pamene ankamufunsapo anali atasamba kale, atavala, atalowa m'nyumba ya Yehova n'kupembedza. Salimo 51 linachokera mu nkhani imeneyi, ndipo ndikupemphani kuti likhale pemphero lanu sabata ino, muliwerenge pang'onopang'ono mokweza, muona kuti likuyamba ndi chifundo, likudutsa pa kuvomera tchimo mosabisa, koma silikuthera pa kulira, likupempha kuti chimwemwe cha chipulumutso chibwezedwe. Nanunso zotsatira zingatsale, azimayi ena angakulalatireni, ena sadzakulowetsaninso mu chilimba, zimenezo muzilandire, sizikutanthauza kuti Mulungu sanakhululuke.

Pang'ono ndipatuke. Dziko lathu lino Pulezidenti Chiluba analitcha lachikhristu pa 29 Disembala 1991, ndipo kuyambira 2015 nthawi ya a Lungu tili ndi tsiku la mapemphero pa 18 Okutobala, ndiye 2 Mbiri 7:14 ndi vesi limene ngakhale kondakitala wa minibasi angakulakatulireni. Koma timathamangira kumapeto kwake, ndidzachiritsa dziko lawo. Chiyambi chake ndi adzichepetse, kenako apemphere, afunefune nkhope yanga, atembenuke kuleka njira zawo zoipa. Vesi 13 pamwamba pake likunena za mvula kukanika, dzombe ndi mliri, zinthu zimene ife amene tinaona chaka cha 2024 sitikufunika kutanthauziridwa, chilala chija ndi kolera uja mpaka Heroes Stadium kusanduka chipatala. Sindikunena kuti chinali chilango, Yesu anakana maganizo amenewo pa Luka 13 pa nkhani ya anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera. Ndikungoti Mulungu anamuuza Solomo kuti pa nthawi ngati imeneyo anthu ake ayambe ndi kutsika, ndipo kutembenuka kuli mkati mwa vesilo, kwa dziko kukhale kusiya ziphuphu, kwa ine ndi inu kukhale kubweza za eni.

Mwafunsanso mosabisa ngati mumapemphera mofooka. Mayi, Aroma 8:26 akuti tonse sitidziwa kupemphera monga kuyenera, Mzimu ndiye amatithandiza kufooka kwathu. Musavutike kufunafuna mawu akuluakulu kapena chizungu cha pa TV, Mateyu 6:7 akuletsa kuchulukitsa mawu ngati kuti timvedwa chifukwa cha kuchuluka kwake, Mlaliki 5:2 akuti Mulungu ali kumwamba iwe uli pansi, mawu ako akhale owerengeka. Gwadani ngati mawondo akulola, agogo anu ankadziwa kuti thupi limaphunzitsa mtima, koma mukakhala mu basi ya m'mawa kupita ku tauni pempherani muli chikhalire, palibe chimene chachepa. Nenani tchimo ndi dzina lake, ndinadya ndalama za anzanga, osati mawu ozungulira aja akuti ngati pali pena ndinalakwa. Kenako thokozani kuti mwakhululukidwa ngakhale mtima usanamve kalikonse, chifukwa lonjezo silidikira mmene mukumvera. Ndipo mukamapempha chifundo kumbukirani amene ali ndi ngongole kwa inu, pa salaula sipalephera kukhala wina amene anatenga diresi pa ngongole n'kusowa. Kapolo wa pa Mateyu 18 anakhululukidwa matalente 10,000 n'kukagwira pakhosi mnzake chifukwa cha madinari 100, malipiro a masiku 100 a waganyu, ndipo mukudziwa mmene zinamuthera.

Za ovanaiti sindikuuzani kuti kupemphera usiku n'koipa, Yesu anachezera usiku wonse pa phiri asanasankhe atumwi. Koma malo amene akunyoza pemphero limene Yesu analivomereza, n'kuika mtengo pa yankho la Mulungu, ine sindingakulangizeni kubwererako. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamuuza kuti ndalama zako ziwonongeke pamodzi ndi iwe, pa Machitidwe 8:20. Mnzanu amene anakutengeraniyo musadane naye, anafuna kukuthandizani, mungomuuza mwaulemu. Pezani mpingo umene ungakudziweni dzina ndi pamene mumakhala, RCZ ili ndi mipingo yambiri mu Lusaka muno, lowani mu Chigwirizano cha amayi, muwauze akulu a mpingo za lendiyo, nthawi zambiri chifundo cha Mulungu chimabwera kudzera m'manja mwa anthu ndipo sangathandize chimene sakuchidziwa.

K500 ija, ngati ilipodi, musapite nayo nokha. Tengani mayi mmodzi wachikulire amene azimayi a chilimba amamulemekeza, kapena mayi busa, akuperekezeni kwa amene amasunga buku la chilimbacho. Mukafika perekani kaye ndalamazo, vomerani zonse zimene zatsala, ndipo mugwirizane zimene mungakwanitse zenizeni pa sabata, olo K50, zilembedwe m'buku pamaso pa mboni. Musalonjeze zambiri chifukwa cha manyazi, ndipo chonde musakatenge kaloba kuti mutseke ngongoleyi, chiwongola dzanja chake chikumizani kuposa pano. Amuna anu auzeni musanapite ngati sakudziwa, asadzamvere kwa anthu a pa msika. Alandilodi nawonso apiteni muwaone inu musanaitanidwe, muwauze zoona za mmene zinthu zilili ndi zimene mungathe kupereka mwezi uno.